Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Ana anga, pali funso lina limene makolo a kuno kwathu satopa nalo. Limafunsidwa pakhonde, limafunsidwa pobwera kumaliro, limafunsidwanso pafoni mwana ali kutsidya kwa nyanja: "Tsono zimenezo udzadya nazo chiyani?" Funsoli limatuluka mwana akangoulula kuti kuyunivesite kuja, pambali pa uinjiniya kapena zachuma kapena zaumoyo zimene tinamutumira, walembetsanso kaphunziro kena kakang'ono kofufuza za chigawo chimodzi cha dziko lapansi, kaya ndi kum'mwera kwa Africa kuno, kaya ndi ku Asia, kaya ndi kumaiko a Aluya. Bambo amayamba wakhosomola kaye, mayi n'kuyamba kuwerenga mumtima matumba a soya amene anagulitsidwa kuti fizi ikwane, ndipo achibale amene anangobwera kudzaona mlendo nawonso amaponyapo mawu awo, chifukwa kwathu kuno sukulu ya mwana mmodzi ndi nkhani ya mbumba yonse.

Tisanaweruze, tiyeni tichione kaye chinthucho, pajatu kutsutsa galu n'kukumba. M'mayunivesite ambiri, makamaka a ku America kumene dongosololi linazika mizu, wophunzira amakhala ndi phunziro lake lalikulu, limene iwo amati major, ndipo amaloledwa kuwonjezerapo laling'ono, minor, la makosi ngati 5 kapena 6. Tsono pali mtundu wina wa phunziro laling'onoli umene ulibe dipatimenti imodzi yoti n'kwawo. Wophunzira amasankha dera, kenaka n'kumakatenga kosi ya mbiri kwa aphunzitsi a mbiri, ya ndale kwa a ndale, ya malo ndi nyengo kwa a jogalafe, ya mabuku ndi ndakatulo kwa eni ake, ndipo kawirikawiri amamuuzanso kuti aphunzire chilankhulo cha kuderalo. Chimene chimamanga makosi onsewo kukhala mtolo umodzi ndi dera lija basi. Akamaliza, zonsezo zimangokhala mzere umodzi pachikalata cha magiredi ake.

Ine ndimachiona ngati dimba. Nkhokwe imadzaza ndi munda waukulu wa kumtunda, zimenezo palibe angatsutse, ndipo munthu wosiya munda n'kumakagona kudimba timamuyang'ana ndi diso lina. Koma ikafika October, kunja kutayera mbee, mpiru ndi mondokwa zimachokera kukadimba kaja kakudambo, ndipo banja lokhala ndi dimba palibe analitchulapo kuti ndi lopusa.

Mantha a makolo sindikuwapeputsa ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene anagulitsa mbuzi kuti mwana akwere basi ya ku Zomba kapena ndege ya ku Johannesburg ali ndi ufulu wofunsa kumene thukuta lake likuthera. Akamati mapanga awiri avumbwitsa akunena zimene maso awo anaona. Tonse tikuwadziwa ana amene anapita kusukulu ndi mutu wabwinobwino, n'kukasokonezeka ndi kuchuluka kwa zokoma, lero ali m'kalasi iyi, mawa ali mu ija, mayeso atafika n'kupezeka kuti palibe chimene agwira ndi manja awiri. Komanso olemba ntchito akamalengeza m'nyuzipepala amatchula digiri ya uinjiniya kapena ya zowerengera ndalama, kaphunziro kapambali sakatchula. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Choncho mwana amene magiredi a phunziro lake lalikulu akudzandira asayambe n'komwe zimene ndikunenazi; ayambe wachirimika pa chimene anamutumira.

Koma kwa amene wachirimika, ndili ndi mawu, ndipo kuti amveke bwino tiyeni titsikire ku Chilwa. Amene munayendapo kuchokera ku Zomba mpaka padoko la Kachulu mukudziwa kuti nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi inzake imangothiramo, madzi n'kumachoka ndi dzuwa basi. Ndi yosaya, moti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa pokankha ndi nsungwi yaitali. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa: inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato atangokhala pamatope ong'aluka pamalo pamene kale ankakocheza. Tsono tumizaniko mwana wodziwa za madzi zokhazokha. Adzayeza kuya kwake, adzawerenga mvula ya zaka zambiri, ndipo zimene adzakuuzeni zidzakhala zoona. Koma sadzakuuzani za msodzi wa matemba amene amakhala miyezi m'zimbowera, tinyumba toyandama tija timene amamanga pakati pa njedza kutali ndi gombe, kumwa madzi omwewo, kusamba omwewo, kudzithandiza momwemo, kotero kuti kolera ikabuka imamupeza ali kutali ndi chipatala ulendo wa maola. Tumizaniko wa zaumoyo ndi katemera wakumwa. Katemerayo amafuna kumwa kawiri, ndipo tsiku lachiwirilo likamafika munthu uja watsata nsomba, ali kugombe la kum'mawa kumene nyanja imakhudza Mozambique. Mu 2016 azaumoyo anachita kuwapatsiratu asodzi ena mlingo wachiwiriwo kuti akamwe okha kuzimbowera kwawoko, ndipo nzeru imeneyo sinachokere m'buku la mankhwala, inachokera podziwa mmene anthu a panyanjapo amakhalira.

Nkhani sithera pamenepo. Mlimi wa mpunga wa kusikimu ya Domasi kapena ya Likangala amafuna madzi omwewo asanafike kunyanja. Wootcha makala kumapiri amadula mitengo imene imagwira dothi la kumene mitsinje ija imayambira. Wosaka mbalame m'dambo ali ndi ana oti adye, chikhalirecho kuyambira 1997 nyanjayi ili pamndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Mafumu ali ndi mawu awo, makomiti a m'magombe ali ndi awo, a zausodzi ali ndi lamulo lotseka nyanja nyengo yoswana nsomba. Aliyense mwa anthu amenewa akunena zoona zake. Khalani nawo pamsonkhano wa kuboma muone mmene zimakhalira: katswiri aliyense amabwera ndi kompyuta yake ndi mawu a kusukulu kwake, amadikira mwaulemu kuti mnzake amalize, osati kuti amve, koma kuti naye ayambe zake, ndipo mfumu imene yadziwa nyanjayo kuyambira ili mwana imangogwedeza mutu mpaka nthawi ya nkhomaliro. Tonse timadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, koma timaiwala kuti mitu yambiri ikasenza popanda womva chinenero cha onse, denga limapendekeka, uyu akukokera uku, uyo akukokera uko. Munthu amene anakhalapo m'kalasi ya mbiri, n'kukhalaponso m'kalasi ya jogalafe ndi ya zachikhalidwe, onsewo akukamba za dera limodzi, ndiye amatha kumva pamene wa madzi ndi wa zaumoyo akunena chinthu chimodzi m'mawu osiyana. Sadziwa zonse, ndipo sayenera kunamizira kudziwa zonse, koma amadziwa woti n'kumufunsa ndiponso mmene angamufunsire.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangophunzira za dziko lako, n'chifukwa chiyani akuti dera? Ameneyo akwere basi ya ku Lilongwe kupita ku Blantyre, akatsike pa Lizulu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Mayi amadumpha msewu ndi beseni la kachewere pamutu, kabichi m'manja, mwana kumbuyo, ndipo potero watuluka m'dziko lina n'kulowa m'dziko lina popanda chidindo cha aliyense. Amalankhula ngati inu, apongozi ake ali tsidya lino, manda a makolo ake ali tsidya ilo la Angónia. Mzere umene unawagawa unachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo palibe anafunsa agogo ake a mayiyo. Wophunzira zachuma amene manambala ake amathera pamalire adzadabwa chaka ndi chaka kuti mtengo wa chimanga ku Mulanje sukumvera mabuku ake, chonsecho yankho likuwoloka pa Muloza m'matumba omangidwa panjinga kuchokera ku Milange. Ndipo mwezi wa August Achewa a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, gule wamkulu wa maiko atatu n'kuvina pabwalo limodzi. Ngakhale a UNESCO, pomulemekeza guleyu mu 2005, anachita kutchula maiko onse atatu, chifukwa panalibe njira yomudulira pamalire.

Ife achikulire tinaona ndi maso athu kuti moto wa kwa mnansi sufunsa chiphaso. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaduka, katundu wathu n'kuyamba kuzungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unagwera aliyense wogula feteleza, mafuta ndi mchere. Anthu othawa nkhondoyo anafika poposa 1 miliyoni m'dziko laling'ono lino, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Makolo anu anawapatsa malo, anagawana nawo zitsime ndi nkhuni, pajatu mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kale pang'ono, mu 1974, ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, pa nthawi imene amuna athu oposa 100,000 anali ku Joni, ndipo midzi imene inkadalira ndalama za kumigodi inamva kuwawa kwake. Lero malasha a ku Moatize amadutsa m'dziko muno panjanji kupita ku Nacala, ndipo namondwe Freddy, amene anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, anatulukira kugombe la Quelimane. Mwana amene adzagwire ntchito ya misewu, ya malonda, ya zaumoyo kapena ya ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko lino, ntchito yake idzamutengera kutsidya kwa malire, afune asafune. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Pali chinthu china chimene maphunziro osakaniza chonchi amaphunzitsa, ndipo kwa ine n'chokoma kuposa zonse: amaphunzitsa kuti umboni umabisala m'malo amene phunziro limodzi silingauyembekezere. Mu 1949 kunagwa njala yoopsa kum'mwera kwa Nyasaland, makamaka m'boma la Blantyre. Malipoti a boma la atsamunda alipo, ndipo amakamba za mvula, za fodya, za kuchuluka kwa anthu ndi za chimanga chimene chinagawidwa. Patapita zaka, katswiri wa mbiri Megan Vaughan anapita m'midzi kukamvera amayi amene anaiona njalayo, n'kutchera khutu ngakhale ku nyimbo zimene amaimba posinja pamtondo. M'nyimbomo ndi m'zokumbukira zawo munatuluka nkhani imene malipoti sanaigwire: amuna ambiri, poti anali akamwini, anachoka kunka kwawo kapena kokasaka chakudya osabwereranso, maukwati anatha, ndipo amene njala inawaluma kwambiri anali amayi osiyidwa ndi ana m'manja. Buku lake linatuluka mu 1987. Taganizani zimene munthu ayenera kudziwa kuti amve nyimbo yapamtondo ngati umboni: chilankhulo ndi zining'a zake, mwambo wa chikamwini, mitengo ya chimanga, kagwedwe ka mvula, ndi mmene boma la nthawiyo linkagawira chakudya. Palibe dipatimenti imodzi imene imaphunzitsa zonsezo. Chimodzimodzinso ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, malo amene mbiri ya pakamwa ya Achewa imawatchula pa nkhani ya Kalonga. Yusuf Juwayeyi atafukula pamenepo anapeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo zimene Samuel Ntara ndi Kings Phiri anamva kwa okalamba zinakumana ndi zimene nthaka inasunga. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nthawi zina pamafunika wina wodziwa kufukula kuti mawu awo amvekenso kwa anthu okayika.

Tsopano ndikutsineni khutu, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Maphunziro a madera amenewa ali ndi mbiri yawo, ndipo wolowamo aidziwe. Sukulu ya ku London imene lero timaitcha SOAS inakhazikitsidwa mu 1916, dzina la Africa n'kuwonjezedwa mu 1938, ndipo ina mwa ntchito zake inali kuphunzitsa zilankhulo anthu opita kukalamulira maiko a eni. Ku Northern Rhodesia, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kunabadwa Rhodes-Livingstone Institute, kumene akatswiri monga Godfrey Wilson, Max Gluckman ndi Clyde Mitchell anafufuza za midzi ndi migodi ya kuno; Mitchell ameneyu ndiye analemba za mudzi wa Chiyao kum'mwera kwa dziko lathu. Ku America, Melville Herskovits anayambitsa maphunziro a za Africa pa yunivesite ya Northwestern mu 1948, koma ndalama zambiri zinabwera ndi lamulo la 1958, dziko la Soviet Union litaponya Sputnik m'mlengalenga, boma la America litaona kuti likufunika anthu odziwa zilankhulo ndi makhalidwe a maiko amene linkalimbirana ndi mdani wake. Sindikunena kuti ntchito ya anthu amenewa inali yachabe. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ambiri a iwo anaona zinthu zimene eni mudzi anazizolowera mpaka kuleka kuziona. Ena anafika podana ndi atsamunda omwewo chifukwa cha zimene analemba. Komabe mafunso ankachokera kwa olipira, ndipo munthu wakuda nthawi zambiri ankakhala womasulira, wonyamula kope, woyankha mafunso. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Buku lililonse limene mphunzitsi akupatseni, funsani kuti analemba ndani, chaka chanji, anakhala m'mudzimo nthawi yaitali bwanji, ankamva chilankhulo kapena ankadalira pakamwa pa wina.

Nkhani imene imandikhudza pa zimenezi ndi ya mnyamata wa ku Kasungu amene ankaphunzira pa yunivesite ya Chicago kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Ankakhala pansi ndi katswiri wina wakuda wa ku America, Mark Hanna Watkins, n'kumamutchulira mawu, ziganizo ndi nthano za kwawo, ndipo kuchokera m'kucheza kumeneko mu 1937 munatuluka buku la malamulo a Chichewa. Mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda. Chilankhulo chinali chake, dzina la pachikuto linali la wina, ndipo pa nthawiyo ndi mmene zinthu zinkayendera. Patapita zaka zambiri, Sam Mchombo anaphunzitsa pa yunivesite ya ku Berkeley, n'kulemba yekha buku la kamangidwe ka ziganizo za Chichewa limene linatuluka mu 2004, akatswiri a maiko ena n'kumaliwerenga. Ulendo wochoka pa kuyankha mafunso a wina kufika pa kufunsa ako ndi umene Kwame Nkrumah ankaufuna pamene ankatsegulira Institute of African Studies ku Legon mu 1963, ndipo mpaka lero wophunzira wa pa yunivesite ya Ghana, kaya ndi wa sayansi kaya wa zamalonda, amayenera kudutsa m'kosi ya za Africa asanalandire digiri.

Inu adzukulu amene muli ku America, ku Britain kapena ku South Africa, ndipo mwasankha kuphunzira za Africa, pali msampha umene umakudikirani inu nokha. Mumalowa m'kalasi mukuganiza kuti izi ndiye zanga, magiredi ndingotola. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Kubadwira ku Ndirande kapena ku Area 25 sikukudziwitsani mmene Amang'anja a ku Nsanje amalemekezera Mbona ku Khulubvi, nanji za ku Senegal kapena ku Ethiopia. Ndipo mphunzitsi akangotchula Africa, maso onse a m'kalasi adzatembenukira kwa inu, ngati kuti maiko 54 onse anakutumani. Pamenepo mtima umafuna kuyankha chilichonse kuti musachite manyazi. Nenani zimene mukudziwa, monga mmene agogo anu amasungira mbewu kapena mmene maliro amayendera kwanu, chifukwa zimenezo mnzanu wa ku Ohio sangazipeze m'laibulale; pa zimene simukudziwa, tsegulani buku ngati wina aliyense. Mukabwera kutchuthi musangothera pa Facebook ndi kunyanja. Pitani kumudzi ndi kope, mukakhale pamkeka, ndipo musafulumire, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene mtima wake uli kudera lina, asamve ngati wagulitsa kwawo. Dziko la Malawi linapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo kuchokera apo taona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga mpaka Chitipa, bwalo la masewero la Bingu ndi yunivesite ya ku Thyolo. Pokambirana za ngongole ndi makontrakiti a zinthu zotere, mbali inayo imabwera ndi anthu amene anatiphunzira ife. Mwana wa zamalamulo kapena wa zachuma amene wawonjezera mbiri ya China, ndale zake ndi chilankhulo chake, dziko lino likumufuna kwambiri.

Nanga kachitidwe kake? Apa ndi pamene ambiri amagwera. Poti makosi ali m'madipatimenti osiyanasiyana, wophunzira amayesedwa kuti azingotola amene amveka kuti ndi ofewa, kapena amene sagwa m'mawa kwambiri, kapena amene mnzake wapamtima walembetsa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pomaliza amakhala ndi makosi 6 osadziwana, ndipo ukamufunsa chimene watola amangotchula maina a aphunzitsi. Njira yabwino ndi kukhala ndi funso limodzi limene likukusowetsa tulo, n'kulola kuti funsolo likusankhire makosi. Tinene kuti ndiwe wa uinjiniya ndipo funso lako ndi madzi a Shire ndi Zambezi. Jogalafe idzakuonetsa kumene madziwo amachokera ndi chifukwa chake Ruo akadzaza amasefukira ku Chiromo ndi ku Makhanga. Mbiri idzakufikitsa ku Kariba, damu limene linamalizidwa mu 1959 litasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha Gwembe, anthu amene Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder anawatsatira zaka makumimakumi n'kuonetsa kuti kusamutsidwa kumapweteka mpaka adzukulu. Idzakufikitsanso ku Cahora Bassa, limene linamangidwa nkhondo ya ufulu wa Mozambique ili mkati, n'kuyamba kudzaza madzi mu 1974. Kosi ya ndale idzakuphunzitsa mmene maiko ogawana mtsinje amapanganirana. Injiniya wotero, tsiku limene adzapatsidwe mapu n'kuuzidwa kuti apa timange damu, adzayamba wafunsa kuti kodi pansi pa mzere wabuluuwu pali midzi ingati ndi manda angati.

Ndipo chilankhulo musachizembe, ngakhale malamulo a sukulu atakulolani kuchizemba. Ndicho cholemera kuposa makosi ena onse, chimafuna tsiku ndi tsiku, chimatsitsa magiredi semesita yoyamba, koma ndi chokhacho chimene chidzakhalabe pakamwa panu zina zonse zitaiwalika. Kwa mwana wa kuno amene wasankha dera lathu lino, ine ndinganene Chipwitikizi mosazengereza. Mozambique watizinga kum'mawa, kum'mwera ndi kumadzulo, madoko athu apafupi ali kwawo, chonsecho sukulu zathu zinazolowera Chifalansa. Ngakhale mbiri yathu yakale ili m'chilankhulo chimenecho: Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochoka ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo António Gamitto, amene anayenda kuchoka ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba zambiri za Amaravi ndi Achewa. Amene akuwerenga zimenezi kudzera mwa womasulira akudya zotafuniridwa. Winanso angasankhe Chiswahili, Chishona kapena Chizulu, malinga ndi kumene funso lake likuloza, ndipo mwana wa ku Lilongwe amene waphunzira Chitumbuka kapena Chiyao mpaka kumva nthabwala zake wachitanso chinthu chachikulu.

Za ku ofesi nazo musazinyoze. Makosi a madipatimenti osiyana amakonda kugundana nthawi, ena saphunzitsidwa chaka chilichonse, ena amafuna kuti uyambe wadutsa kosi ina. Pitani kwa mlangizi wa maphunziro chaka choyamba kapena chachiwiri, mukafunse makosi amene angawerengedwe mbali zonse ziwiri, mukafunsenso ngati amene akukulipirirani sukulu akulola. Safunsa anadya phula, ndipo zengerezu analinda kwawukwawu. Wokumbukira chaka chomaliza amapeza malo atadzaza kapena amawonjezera semesita imene makolo alibe ndalama yake. Amene yunivesite yake ilibe dongosolo lotere asataye mtima. Makosi osankha alipo, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko ili ku Zomba, laibulale ya Society of Malawi ili ku Mandala mu Blantyre, ndipo ku Mua kuli Kungoni kumene mwambo wa Achewa, Angoni ndi Ayao unasonkhanitsidwa. Chikalata sichidzanena, koma pakamwa panu padzanena.

Tsono inu makolo anzanga, mwana akabwera ndi nkhaniyi musayambe ndi kukalipa, ndiponso musangovomera poopa kuoneka osaphunzira. Muuzeni akuonetseni magiredi a phunziro limene munamutumira. Akakhala abwino, mufunseni dera limene wasankha, chilankhulo chimene ayambe, ndi funso limene akufuna kuliyankha, ndipo afotokoze m'Chichewa chomveka kwa agogo ake. Akayankha mosadodoma, mulekeni akalembetse, ndipo fizi mulipire ndi mtima umodzi. Akayamba kukanda m'mutu ndi kutchula anzake, muuzeni adikire semesita ina, akaganize bwino, abwerenso.